A Gwaza, nkhoswe ya mapepala

Khala pansi apa, mwana wa a Gwaza. Ayi, pamphasa, mpandowo mwendo wake ndi wodwala. Wati ukufuna mbiri ya bambo ako yoti ikawerengedwe tsiku lovundukula chiliza? Ndiye wabwera kwa ine? Ha! Ine NaBanda, amene ndinawalalatira bambo ako mpaka agalu a pa mpanda anathawa? Chabwino. Yatsa kafoni kakoko kamve. Koma mawu anga usakawadule. Kumaliro kuja anawerenga kuti anabadwa, anaphunzira, anagwira ntchito, anadwala, atisiya. Basi? Imeneyo ndi mbiri ya nkhuku, si ya munthu.

Unaona wekha maliro aja. Amayi osankha mtedza sanapite. Tinalipo ambiri amene tinagwira nawo ntchito, koma wopita ndinali ine ndekha, ndipo ndinakhala kumbuyo, nyimbo sindinayimbe. Iwe unali ku sukulu kutali masiku amenewo, mayi ako sanakuuze chifukwa. Ndikuuza ine.

Ife tinabwera kuno ngati matenanti a fodya. Fodya atatitopetsa ndinalowa ganyu ku Kafukufuku, munda uja wa anthu ophunzira, cha ku njira ya ku Chiosya, komwe amayesa mbewu za mtedza. Ntchito yathu amayi inali kuthothola, kuswa, ndi kusankha. Wabwino uku, ndi wa mbewu. Wonyala, wakuda, wachuku, wofumbwa, uku. Wotayawo unali wathu. Unali mwambo kuyambira kale, palibe anaulemba, palibe anauletsa. Madzulo aliyense kamtolo pamutu. Nsinjiro za mpiru zinkachokera mmenemo, phala la ana mmenemo. Ugwire zimenezi, chifukwa nkhani yonse ili mu kamtolo kameneko.

Bambo ako khasu sankagwira. Iwo anali a mapepala. Mapepala ankabwera, mwana iwe! Ena ochokera ku Lilongwe, ena kunja kwa nyanja, ena anzawo a ku Chipata ankawatumizira pa thiraki kudzera pa boda. Zonse zolemba anthu ofufuza a m'maiko ena. Madokotala athu analipo atatu, si a jakisoni ayi, ndi a mbewu. Nthawi yowerenga mulu wonsewo akanaipeza kuti? Ndiye a Gwaza ankawerenga lililonse, n'kusankha kuti ili ndi la uje, ili ndi la uje. Ankadzitcha nkhoswe. Ankati pepala lili ngati mwana wamkazi, ukalipereka kwa munthu wosalifuna limakagona pansi pa kapu ya tiyi mpaka kufa.

Ndipo sankawafunsa eni ake kuti mukufuna chiyani. Ankati wophunzira ukamufunsa amakuuza zimene akufuna kuti anthu azimudziwa nazo, osati zimene zikumusowetsa tulo. Ndiye ankayang'ana nsapato. Eee, nsapato! Matope ofiira, munthuyo anali kumtunda. Akuda, anali kudambo. Akatero ankabwera kwa ife pansi pa mtengo wa mango, juzi ali nayo ngakhale mu Okotobala, manja kumbuyo, kamawu kawo kaja kakang'ono:

"NaBanda, a Dokotala Mvula lero anaima pa mzere uti?"

Ine: "Pa uja wa masamba achikasu."

"Anaima nthawi yaitali?"

"Mpaka anavula chipewa n'kukanda dazi."

"Oho. Akanda dazi." Basi, n'kubwerera. Mawa lake a Mvula apeza pepala la masamba achikasu pa tebulo, n'kumakuwa ndi mawu awo a ng'ombe aja: "A Gwaza, ndinu mfiti kapena?" Bambo ako kungoti mwetu.

A Mvula ndiwo anali mkulu wa gululo, a mbewu. A Kamanga anali a dothi, munthu wamtali, wolankhulira m'mphuno. Mayi Chirwa anali a tizilombo, ankayenda ndi timabotolo m'chikwama, mbozi ankazigwira ngati mwana wakhanda. Bambo ako ankati atatuwa ndi mbuzi zitatu, iliyonse pa chingwe chake, imadya mozungulira chikhomo chake basi, udzu wa pakati palibe woukhudza. Ankanena akuseka. Pambuyo pake anasiya kuseka.

Nzeru anali nazo, ndisakunamize. Chaka china a Kamanga ndi mayi Chirwa anakangana, moni anasiya kupatsana. Chiswe chikutha mtedza m'munda, uyu ati vuto ndi dothi, uyu ati vuto ndi chiswe chenichenicho. Kunabwera pepala lonena za zonse ziwiri. A Gwaza analimasula pakati, masamba oyamba kwa a Kamanga, omaliza kwa mayi Chirwa. Masana tikungoona a Kamanga akuzungulirazungulira ngati nkhuku yofuna poikira. "A Gwaza, pepalali lathera panjira." Iwo: "Pepani bwana, ukalamba. Mwina mchira wake unagwera kwa amayi." A Kamanga anapirira tsiku limodzi, lachiwiri anakagogoda kwa mayi Chirwa. Tinawaona atakhala pa khonde mitu pamodzi. Ife pansi pa mango kuseka mpaka misozi.

Nditakawaona bambo ako komaliza, kwawo kuja kufupi ndi Ludzi, maso atachita khungu, ndinawakumbutsa zimenezi. Sanaseke. Anangondifunsa funso limodzi. Koma dikira, ndifika.

Pepala limene linawaphetsa ndi anthu linabwera chaka chimene mvula inadula chimanga chili ndi ngayaye. Mtedza nawo unavutika, wotaya unachuluka kuposa wabwino. Ife tinkati Mulungu watikumbukira. Tsiku lina a Gwaza abwera pansi pa mango, koma za madokotala safunsa. Angoima, akuyang'ana lichero langa.

"NaBanda, wotayawu mumapita nawo kuti?"

"Kumimba, bambo. Kwinanso kuti?"

"Ndi ana omwe?"

"Ana ndiye eni ake!"

Anakhala pansi pa dothi, ndi buluku lawo losita lija. Anatola kamtedza kamodzi kachuku, n'kukaswa ndi chala. Anati chuku chimenechi chimasiya poizoni mkati. Anati moto samupha, kukazinga samupha, kusinja samupha. Anati sapha lero, amapita kuchiwindi n'kukhala, ndipo mwana womadya amapinimbira. Anatinso tikamawaza madzi pa makoko kuti afewe tisamapweteke zala poswa, ndiye kuti chukucho tikuchithirira ngati dimba.

Ine ndinaseka, mwana iwe. "A Gwaza, agogo anga ankadya zimenezi, anafa mano onse ali m'kamwa!" Amayi onse gwedeee kuseka. Iwo ananyamuka, kudzisasa fumbi, n'kunena chapansipansi kuti pepala limeneli likufunika mwini, gulu liliwerenge, lipeze njira.

Ndiye anayamba kuliyendetsa ngati mwana wosowa banja. Ine masiku amenewo ndinkawaphikiranso tiyi madokotala, ndiye zonse ndinkazimva ndili ndi ketulo m'manja.

Kwa a Mvula. Anangoona mutu wake: "Izi ndi za achipatala, a Gwaza. Ine ndine wa mbewu. Mwayamba kukalamba?"

Kwa a Kamanga, m'mphuno muja: "Mtedza ukatuluka m'dothi si wanganso, akulu."

Kwa mayi Chirwa: "Chili ndi miyendo chimenechi? Ngati chilibe miyendo, bambo anga, si changa."

A Gwaza anabwereza. Analiika pansi pa mapepala amene munthu amawakonda, kuti mwina dzanja lingalakwitse. Linabwerera. Analemba mzere wofiira pamene panali mawu oti dothi louma, kuti a Kamanga akopeke. Linabwerera lili ndi chizindikiro cha kapu. Analemba pamene panali mawu oti tizilombo tikaboola makoko chuku chimalowa, n'kupatsa mayi Chirwa. Anawerenga mzere womwewo wokha, n'kunena kuti zikomo. Nzeru zonse za unkhoswe zinatha. Munthu amene moyo wake wonse sanakakamize pepala pa munthu, ndinamuona akuonda. Ife madzulo timitolo pamutu, iwo ataima pa khomo la kachipinda kawo akutiyang'ana mpaka tikakhote.

Lachisanu lililonse gulu linkakumana pa khonde, ndipo ine ndinkawakazingira mtedza wabwino, wa mchere, wodyera tiyi. Lachisanu lina m'mawa a Gwaza anandipeza ku moto.

"Mayi, lero mukazinge wa m'kamtolo kanu."

"Iii! Mukufuna andichotse ntchito?"

"Mlandu ndi wanga."

"Ndiye ana anga adya chiyani?"

"Ndikubwezerani wabwino wa kunyumba kwanga."

Ndinaganiza kuti ndi nthabwala zawo zija za kumasula pepala pakati. Ndinakazinga, mchere ndinathira bwinobwino. Iwo anatenga mbale, anayala pepala lija pakati pa tebulo, mbale pamwamba pake.

A Kamanga ndiwo anayamba kutambasula dzanja, akulankhula za manyowa. Anatapa. Anayang'ana m'manja. Anabweza mwakachetechete, n'kupukuta dzanja pa buluku. Mayi Chirwa anakankha mbale ndi cholembera, osati ndi chala, ndi cholembera! A Mvula anavula magalasi.

"Wakazinga izi ndani? A Gwaza, mukufuna kutipha? Simukudziwa kuti uwu ndi poizoni?"

Mwana wanga, mawu amenewo. Ketulo inandiwotcha chala koma sindinamve. Ankadziwa! Onse atatu ankadziwa, kuyambira ku sukulu zawo. Pepala lija silinali ndi chachilendo kwa iwo. Chaka ndi chaka ankatiwona tikudutsa pa windo ndi timitolo, ankatibayibitsa, "Muyende bwino amayi!" Aliyense ankati wina anena.

Bambo ako anaimirira. Anati: "Bwana, ana a amayi awa akudya umenewu tsiku ndi tsiku. Pepalali ndalisowera mwini. Ndati mwina lero mwini apezeka."

A Mvula anachotsa mbale, anatenga pepala, n'kulowa nalo mu ofesi, chitseko gwa!

Analiwerenga. Eya, tsiku lomwelo. A Gwaza anabwera pansi pa mango nkhope ikuwala ngati mnyamata. Anati tsopano gulu ligwira ntchito, a Kamanga aona za dothi louma, mayi Chirwa za tizilombo toboola, a Mvula za mbewu yopirira, ndipo ife atiphunzitsa kuyanika, mwinanso azitipatsako wabwino m'malo mwa wotaya. Anawerengera zonse pa zala.

Sabata yotsatira kunabwera lamulo. Mtedza wotaya usatulukenso pa geti. Uziwotchedwa.

Lomwelo basi. Za kuyanika zii. Za wabwino zii. Alonda anayamba kutigwira m'chiuno potuluka, amayi akuluakulu, kutifunyulula zitenje ngati mbava za pa boda. Anakumba dzenje kuseri kwa shedi. Anakhuthula matumba, mulu kufika m'chiuno, n'kuthira dizilo. Nthawi imeneyo nkhokwe zili mbee, anthu akudya gaga ndi mango owiritsa.

Mtedza ukamapsa umanunkhira, mwana iwe. Dizilo atatha, fungo linatsala la mtedza wokazinga, mphepo n'kulitengera ku midzi. Tinangoona ana akubwera. A matenanti a pa esiteti yoyandikana, a m'mudzi, anga omwe, akuthamanga, ena ndi timbale m'manja. Anaganiza kuti kukugawidwa chakudya. Anaima pa waya, zala m'mabowo, akuyang'ana utsi. Palibe analira. Anangoima.

Pamenepo ndiye ndinawatembenukira bambo ako. Anali ataima potero, chipewa m'manja.

"A Gwaza! Bwerani muone ukwati wanu! Si inu nkhoswe? Bwerani mudzavine! Poizoni wanu amapha liti? Chaka chamawa? Zaka khumi? Njala ikupha Lachiwiri! Mwana wanga adya pepala? Ndilisinje ndithire mu mpiru? Munandikazingitsa ndi manja angawa chakudya cha ana anga kuti mukachite nacho manyazi mabwana, lero ndi ichi! Inu kwanu kuli nkhokwe!"

Ndinanena zambiri, zina sizoyenera kafoni. Amayi ena anayamba kuwombera m'manja monyoza, wina anawaponyera makoko kumaso. Iwo sanasunthe. Makoko ali pa juzi, anangoti: "Ndamva, mayi."

Ndamva mayi! Bola akanandituka.

Usaganize kuti ndikupepesa. Mawu amenewo ndikanawanenanso lero. Chaka chimenecho tinaika ana m'manda, a njala, osati a chuku. Sindikunena kuti kamtolo kakanawapulumutsa onse. Ndikunena kuti mayi amene waika mwana safuna kumva za chiwindi cha zaka za mtsogolo.

Kuyambira pamenepo a Gwaza anakhala munthu wopanda mbali. Kwa madokotala anali wochititsa manyazi akuluakulu. Anawaletsa kukhala pa msonkhano wa Lachisanu, mapepala azingowasiya pa khomo. Kwa ife anali wowotchetsa chakudya. Pansi pa mango akafika, tonse misana. Funso lawo la mzere uti linasowa woyankha, ndiye mapepala awo anayamba kuphonya, la dambo kupita kwa munthu amene mtima uli kumtunda. A Mvula n'kumati, "Mwaona? Wakalamba." Mayi ako akapita kumsika, tomato ankakwera mtengo akangofika iwo. Kutchalitchi benchi yawo inkakhala ndi malo. Sipanatenge nthawi, bambo ako anawapumitsa ntchito.

Nanga ana anasiya kudya wachuku? Ha! Mtedza wa m'mathiraki umene amaukana pa boda umapita kuti? Mavenda amaubweretsa m'misika, wotsika mtengo, wosinjasinja kale kuti usaoneke nkhope. Tinkagula womwewo. Kale tinkatenga ulele, tsopano tinkagula. Ndiye phindu la pepala limenelo.

Bambo a ana anga anamwalira mimba itatupa, maso achikasu. Anthu anati kachasu, ena anati anawalodza ku esiteti. Mdzukulu wanga wina, ukamuona ungati ndi wa sitandade wani, pamene anzake akutha msinkhu. Ndi chuku? Si chuku? Palibe anayeza. Koma chiyambire tsiku la mbale ija, ndikamasinja nsinjiro dzanja limalemera. Bambo ako anandilanda kudya mosadziwa, ndipo china choti ndidye sanandipatse. Chimenecho sindinawakhululukire.

Ndinapitabe kukawaona atadwala. Osati kukapepesa, ndinapita chifukwa munthu amene unkamuwuza za dazi la a Mvula sungamusiye afe osamva mawu ako. Ndinawapeza pa khonde, juzi yomwe ija, maso oyera. Anandizindikira ndisanapereke moni.

"Phokoso limeneli ndi la NaBanda."

"Ndine, a nkhoswe. Simunafebe?"

"Ndikudikira mundimalize kutukwana."

Ndinawauza za ku Kafukufuku. Kuti a Mvula anapita ku Lilongwe, kunabwera achinyamata. Kuti wa mapepala sanalembenso wina, pano kuli makina. Mayi Chirwa anandifotokozera ndikuwathirira tiyi, akuti makinawo amaona zimene munthu wawerenga dzulo, n'kumubweretsera zofanana nazo lero, aliyense pa kompyuta yake, osalakwitsa. Ndinkati bambo ako akwiya. Anagwedeza mutu.

"Ndiye kuti makinawo ndi ine wakale uja," anatero. "Odziwa ntchito. Sangakazingitse mtedza."

Kenaka anati unkhoswe wawo wonse analakwitsa ukwati umodzi wokha, wokakamiza, ndipo mpaka lero sakudziwa ngati kulakwa kunali kukakamizako kapena zaka zonse zimene sanakakamize. Ine ndinati zimenezo akafunse kumwamba, ine sindinapite ku sukulu.

Ndikunyamuka anandigwira chitenje. Funso lija ndi ili:

"Mayi, ana akudyabe?"

Ndikanatha kunama. Munthu wakhungu, wotsala masiku. Koma bambo ako sanandinamizepo, ngakhale pamene bodza likanatithandiza tonse.

"Akudya, bambo."

Anasiya chitenje.

Ndiye ukalembe zimenezo. Ansembe akadula, adule okha, iwe usadule.

Ukafuna, pita ukaone kachipinda kawo, kali kumapeto kwa khonde. Ine ndimapitabe nthawi yokolola, maso anafooka koma zala zimadziwa mtedza. Windo linasweka, anatseka ndi katoni. Tebulo anatengera alonda. Kukhoma kuli kabati ya matabwa ya timabowo timabowo, bowo lililonse linali la munthu mmodzi, maina anadyedwa ndi chiswe. Onse ali pululu, mavu amangamo. Pansi penipeni pali bowo limodzi lalikulu limene silinali ndi dzina, m'mene ankaika mapepala osowa mwini. Limenelo ndi lodzaza mpaka pano, mapepala anamatana ndi chinyezi, palibe analikhudza.

Pakati pa chipinda ndi pamene amaunjika matumba a wotaya, kudikira tsiku lowotcha. Dizilo amachedwa kubwera, ndiye matumba amakhala milungu. Loko anataya kiyi wake kalekale, chitseko amangomanga ndi waya. Wayayo ndi wofewa. Amayi tonse tikudziwa.